Choko choyamba, penti pambuyo

Ntchito yathu ndi yolemba zikwangwani pano pa Kasungu boma. Tilipo atatu: ine, mng'ono wanga, ndi mayi akunyumba amene anaphunzitsapo ku pulayimale zaka zambiri. Iwowa bulashi sagwira, koma palibe chilembo chimene timachipaka penti asanachione.

Chinatiyambitsa ndi chisoni. Ukamayenda m'mbali mwa msewu wa M1 kapena kuseri kwa msika, umapeza munthu wakhetsa thukuta pa fodya, wamanga golosale yooneka bwino, koma pakhoma palembedwa "Glocery". Pa butchala alemba "nyama ya ngombe", nkhodolero ya mu "ng'ombe" yasowa. Mwiniwake analipira ndalama zonse, ndipo ana asukulu akamadutsa amaloza n'kumaseka. Zimenezi zimandiwawa.

Vuto lalikulu ndi l ndi r. M'Chichewa khutu silizisiyanitsa kwenikweni, n'chifukwa chake pali lamulo: r amabwera pambuyo pa e kapena i, pamene l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. Ndiye wowotcherera zitsulo timamulembera "Timawotcherera", osati "Timawotchelera". Chingerezi sichitsata lamulo limeneli, choncho mawu ake timayamba tawaona mu dikishonale, ngakhale amene tikuganiza kuti timawadziwa.

Kagwiridwe kathu n'kochedwa, ndipo sitibisa. Timayamba talemba mawu onse pakhoma ndi choko, kukula kwake komweko. Mayi amaima chapatali n'kuwerenga mokweza chilembo chimodzichimodzi, kenako timaitana mwini shopu kuti naye awerenge, makamaka dzina ndi nambala ya foni. Choko umangopukuta ndi kansanza konyowa. Penti wamafuta akauma, ngakhale upakepo wina pamwamba, chilembo cholakwika chimaonekerabe pansi, ndipo umawononga penti wambiri.

Ena amakana kuwongoleredwa. Bambo wina wogulitsa nsima anabwera ndi kapepala kolembedwa "Restaulant", n'kunena kuti anzake onse analemba choncho. Mayi anatsegula buku n'kuwalozera ndi chala. "Bambo, taonani nokha apa. Ndalama ndi zanu, koma dzina limene anthu azilitchula ndi lanunso." Anayang'anitsitsa kanthawi, kenako anati, "Lembani za m'bukuzo, mayi."

Tikapita cha ku Chatoloma kapena Nkhamenya, kumene ambiri amayankhula Chitumbuka, timapempha munthu wa konko kuti atiwerengere. Chiyankhulo cha eni ake sitichilemba mongoganizira.

Masiku ano kwabwera zikwangwani zosindikiza pa kompyuta, ndipo zatilanda makasitomala ndithu. N'zowala, zimatuluka tsiku lomwelo, koma makina amasindikiza zimene munthu wataipa, zolakwika ndi zolondola zomwe.

Ntchito imachuluka msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, pamene ndalama zayamba kuyenda ndipo aliyense akufuna kukonzanso shopu. Januwale ndi Febuluwale timakhalira kulemba pa ngolo, pa njinga za kabaza ndi pa ziliza. Pa chiliza ndiye timasamala koposa. Sitiyamba mpaka achibale awiri atalemba dzina la malemu ndi madeti papepala, aliyense payekha, n'kuona kuti zikufanana.

Chaka chino tayambanso kukonza zikwangwani zimene analemba ena, pa theka la mtengo. Ambiri amatipempha kuti tibwere m'mamawa, msika usanadzaze.