Tsiku lomwe makina ochapira anandikweza ngati txopela, kataxi kaja ka matayala atatu

Popeza anyamata a ku Matundo ayamba kale kundiitana kuti dalaivala, bola ndifotokoze ndekha asanathireko mchere wawo.

Makina aja olowa zovala za makilo 18, omwe timachapira maovolosi a anthu a ku migodi ya malasha kuno ku Moatize, anayamba kugunda ngati mtondo ikafika nthawi yofinya. Abwana anali ku Ulongué kumaliro. Ine ndati aaa, si ine ndinakonzapo njinga yamoto ya amalume? Kutsegula, ndapeza shokapu imodzi yogwira dramu kunsi yatheratu, ikungolowa nkutuluka wedewede. Apa pokha mundiyamikire, ndinaona bwino. Koma maso anagwera pa chimwala cha simenti chomangidwa ndi mabawuti padramupo. Simenti! Mkati mwa makina odula chonchi! Ndati basi atibera, aikamo mwala kuti zilemere. Ndachimasula, thukuta kamukamu, dzuwa la ku Tete mukulidziwa, ndachigubuduzira panja. Pa shokapu paja ndakulungapo mphira wa chubu.

Pochapa zinali bwinobwino mpaka ndinayamba kuimba mluzu. Kungofika pofinya, makina anayamba kuyenda. Abale, kuyenda! Ine ndalumphira pamwamba kuti ndiwatsendereze ndi timakilo tanga 58, koma iwo osamva, angondinyamula, mano gwegwegwe, kapusi yagwa, ndikufuna kukuwa kuti zimitsani koma pakamwa pakungotuluka zi-zi-zi ngati njuchi, tadutsa tebulo lositira, tadutsa ndowa, payipi yazuka madzi ali phwaa. Amayi omwe amasita, m'malo mothamangira switchi, angoimika simbi nkundifunsa mwaulemu wonse, "Achimwene, ngati mukufika ku Zóbuè mundigulireko shuga." Chinatiimitsa nchingwe cha magetsi, chinazuka chokha tili pakhomo.

Amakaniko atabwera anati mwalawo ndi umene umalemeretsa dramu kuti isadumphe ikamazungulira mwaliwiro, umathandizana ndi masipuling'i ndi mashokapu, ndipo mashokapu sasintha imodzi, amasintha onse limodzi. Chabwino, koma pamwalapo panalembedwa? Olo chilembo chimodzi panalibe.

Mwala uja tinaupeza kumsewu, agogo ogulitsa mandasi ataukhalira. Anati anautola okha, ndiye ndinachita kugula mandasi onse kuti adzukepo. Anali adzulo.