Asaimenti yanga ya Liwonde

Semesita ino mu kosi ya jogalafe anatipatsa asaimenti yoti aliyense asankhe tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje n'kufotokoza chifukwa chake inamera pamalo pomwe ilipo. Anzanga anathamangira Mangochi ndi Chikwawa, ine ndinatenga Liwonde poti thiransipoti yake ndi yotchipa, kuchoka kuno ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 50 basi, minibasi kudutsa Songani, Domasi, Malosa, kenako kutsetsereka kwa pa Machinga kuja, ukamafika pansi juzi wavula kale. Jogalafe yake yayambira pompo, Zomba ili pamwamba mamita oposa 900 pomwe Liwonde ili m'chigwa cha Shire, pafupifupi mamita 500, nde kutentha kwake musanene.

Ambirife Liwonde timangoidziwira pawindo, kugula nsomba ndi chimanga chootcha minibasi ikudikira anthu. Koma ukafunsa kuti tauniyi ikudyera chani, yankho lake ndi kuwoloka. Dzina ndi la mfumu ya chiyao, kale anthu ankawoloka Shire pa pantoni, ndipo paliponse pomwe anthu amaima kudikira kuti awoloke msika umabadwa wokha. Pano msewu wochoka ku Zomba umagawikira pomwepo, wina kupita ku Mangochi wina ku Balaka mpaka Lilongwe. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975 magalimoto a pakati pa Zomba ndi Lilongwe amadutsabe pa Liwonde. Olo boma la Machinga lili kumtunda, chipatala chachikulu cha boma chili ku Liwonde konko, chifukwa anthu ndi komwe ali.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa Kamuzu Barrage. Inamangidwa mu 1965, ili ndi mageti 14, pamwamba ndi mlatho koma ntchito yake yeniyeni ndi kuwongolera kuchuluka kwa madzi otsika mu Shire kuchoka ku nyanja ya Malawi kudzera ku Malombe. Nkula A inayamba kupanga magetsi mu 1966, chaka chimodzi chokha baraji itatha, ndipo Tedzani ndi Kapichira nazonso zili kumunsi kwa mtsinje womwewo. Nde kuti ine ndiwerenge usiku ku Chikanda kuno ku Zomba, zikudalira mageti a pa Liwonde. Ukaima pamlathopo umaona namasupuni ataunjikana kumtunda kwake, wobiriwira ngati dimba, amachita kumutchinga n'kumuvuula chifukwa akapita kumunsi amakatseka makina a magetsi. Chomwe chinandiopsa ndi choti cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka. Zaka 20 zathunthu amangwetu! Nthawi imeneyo kunalibe magetsi a madzi, lero zitachitika dziko lonse mdima. Mbali inayo, mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kumiza maloji ndi nyumba ku Mangochi, anthu kumakuwa kuti tsegulani mageti, koma ukatsegula kwambiri nde kuti wawatumizira madzi a ku Chikwawa ndi Nsanje omwe amavutika kale ndi kusefukira. Lekichara wathu funso limeneli anangotisiyira, kalasi yonse kukangana mpaka piriyodi kutha.

Za paki sindinalembe zambiri, inakhazikitsidwa mu 1973, alendo amakwera boti kukaona mvuu ndi njovu, zimenezo aliyense akuzidziwa.

Njanji nde inandisiya ndi mafunso. Ya kuchoka pa Nkaya kudutsa Liwonde kukafika ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970 kuti katundu azipita ku doko la Nacala, nkhondo ya ku Mozambique inaisokoneza m'ma 1980, pano inakonzedwanso ndipo sitima zazitali za malasha ochoka ku Moatize ku Mozambique zimadutsa pomwepo. Ine maganizo anga, omwe ndawalembanso mu asaimentimo olo andidule mamakisi, ndi oti tauniyi ili ndi msewu, njanji ndi mtsinje pamalo amodzi koma ndalama zake zimangodutsa. Nkhani yomanga doko la pamtunda pa Liwonde tinayamba kuimva kalekale pa wailesi. Mayi amene anandigulitsa nsomba pa depoti anandiuza kuti iwo sitima amangoimva kulira kwake, kasitomala wawo ndi wa pa minibasi ndi wakabaza, ndipo mawu amenewo ndawaika pa peji yoyamba.