Sabata ya Mlandu wa Jury ku Houston

Ndimathandiza loya wa milandu ya mabanja ku Houston, m'boma la Texas ku America, kumene kholo lili ndi ufulu wopempha kuti anthu wamba, otchedwa jury, agamule za kumene mwana azikhala ukwati ukatha. M'boma la Georgia, ku America komweko, jury imaloledwanso pa chisudzulo, koma za amene asunge mwana zimasiyidwa kwa woweruza.

Lolemba lonse linathera pa kusankha anthu 12 oti amve mlandu wa bambo amene tinkamuimira. Mbali iliyonse imaloledwa kukana anthu 6 popanda kupereka chifukwa, ndipo ntchito yanga inali kulemba zimene aliyense ankayankha. Mayi wina wachikulire ananena mosabisa kuti mwana sayenera kulekana ndi mayi ake zivute zitani, ndipo woweruza anavomera kuti achotsedwe. Lachiwiri ndi Lachitatu tinamva mboni, ine ndikupereka makalata a kusukulu ndi mauthenga a pafoni pamene loya wawafuna.

Chimene chinandidetsa nkhawa sabata yonse chinali mwanayo, mnyamata wa zaka 13. Lamulo la Texas limati ngati mlandu ulibe jury, woweruza ayenera kulankhula kuseri ndi mwana wa zaka 12 kapena kuposerapo kholo likapempha, koma pa nkhani imene jury ikugamula woweruza saloledwa kutero. Zikatero mwana angaitanidwe kudzapereka umboni pamaso pa makolo onse awiri ndi alendo 12, apo ayi maganizo ake amafika kudzera mwa ena. Bamboyo anakana kumuitana, ndipo ndinaona kuti anachita bwino, ngakhale kuti jury inangomva za mnyamatayo kuchokera kwa katswiri amene khoti linamutuma kuyendera makomo onse awiri.

Lachinayi masana anthu 10 mwa 12 aja anagwirizana, chimene ndi chokwanira pa mlandu wotere, kuti bambo ndi amene azisankha kokhala mwana, ndipo woweruza sangasinthe chigamulo chimenecho pongotsata maganizo ake. Lachisanu bamboyo anabwera ku ofesi kudzafunsa za masiku amene mwana azipita kwa mayi ake komanso za ndalama zomuthandizira. Zimenezi jury siigamula, zikudikirabe woweruza. Ndapempha loya kuti kuyambira tsopano tizilembera kholo lililonse malire amenewa, pamodzi ndi nkhani ya umboni wa mwana, tisanapereke pempho la jury, limene liyenera kufika kukhoti kutatsala masiku osachepera 30 kuti mlandu uyambe.