Jini ya PRSS1 ndi kapamba amene amadzigaya yekha

Funso limene linandichititsa kuwerenga za trypsin, enzaimu (puloteni yogaya chakudya) yochokera ku kapamba (pancreas), ndi ili: ngati kapamba amapanga madzi ogaya nyama, nanga iye mwini, amenenso ndi mnofu, amapulumuka bwanji? Yankho lake n'lakuti kapamba satulutsa trypsin wogwira ntchito, koma trypsinogen, amene amakhala ngati ali mtulo mpaka atafika kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, kumene enzaimu yotchedwa enteropeptidase imadula kachidutswa kake n'kumudzutsa. Trypsin akadzuka amadzutsanso anzake, monga chymotrypsin ndi elastase, ndipo mapuloteni a m'chakudya amayamba kugayika.

Trypsinogen wochuluka kwambiri, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, amapangidwa motsatira jini ya PRSS1, imene ili pa kromosomu 7. Mu 1952, madokotala Comfort ndi Steinberg anafotokoza za banja limene anthu ake ankatupa kapamba mbadwo ndi mbadwo, koma chifukwa chake chinadziwika mu 1996, pamene David Whitcomb ndi anzake ku Pittsburgh anapeza cholakwika m'jini ya PRSS1 chimene masiku ano chimatchedwa R122H. Pamalo a 122 pa mndandanda wa tizidutswa topanga trypsinogen (ma amino acid), amino acid yotchedwa arginine imalowedwa m'malo ndi histidine. Kusinthaku n'kochepa, koma malowa ndi pamene trypsin amadulidwa kuti awonongeke akadzuka nthawi isanakwane. Choncho enzaimuyi sikuti yafooka ayi. Imangokana kuzima, ndipo imayamba kugaya kapamba m'kati. Chitetezo china, monga puloteni ya SPINK1 imene imatsekereza trypsin, chimachepa mphamvu trypsin akachuluka.

Kholo limodzi likakhala ndi jini yolakwikayi, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka woitengera, ndipo pafupifupi anthu 80 mwa 100 alionse oitengera amadwala. Ambiri amayamba ali ana, kumva ululu waukulu pamwamba pa mimba umene umabwerabwera. Apa ndi pamene ndimaona kuti kufunsa mbiri ya banja n'kofunika kuposa mmene ambiri timaganizira, chifukwa kutupa kwa kapamba timakonda kukugwirizanitsa ndi mowa kapena timiyala ta mu ndulu, zinthu zimene mwana wa zaka khumi sizimukhudza kawirikawiri.

Jini yolakwikayi palibe mankhwala oikonza. Madokotala amachepetsa ululu, amapereka makapisozi a ma enzaimu kapamba akalephera kugaya mafuta, komanso insulin matenda a shuga akayamba. Ululu ukafika posapiririka, ena amachotsedwa kapamba yense, ndipo maselo opanga insulin amatengedwa n'kuikidwa m'chiwindi cha wodwala yemweyo. Chiopsezo cha khansa ya kapamba n'chachikulu mwa anthuwa kuposa mwa ena, ndipo fodya amachiwonjezera n'kufulumizitsa khansayo ndi zaka pafupifupi 20, n'chifukwa chake wopezeka ndi R122H amalangizidwa mwamphamvu kuti asasute.