Phulusa m'malo mwa simenti: pamene kafukufuku wa masitazi amapunthwira

Chaka ndi chaka, m'mayunivesite ambiri simulephera kupezeka wophunzira wa masitazi pa uinjiniya wa zomangamanga amene wasankha mutu uwu: kuchepetsa simenti mu konkire n'kuikapo phulusa, kaya la mankhusu a mpunga, la zotsalira za nzimbe, kapena la malasha a m'malo opangira magetsi. Mutuwo ngwanzeru ndithu. Popanga simenti, miyala ya laimu imawotchedwa mu ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1450, ndipo mpweya wa carbon dioxide umatuluka pawiri: m'zowotcherazo komanso m'mwalawo ukamapsa. Ntchito imeneyi payokha imatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wotere umene anthu amatulutsa padziko lonse. Chovuta n'chakuti zotsatira za kafukufuku wambiri wa mtundu uwu sizidalirika. Maganizo a wofufuza amakhala abwino, koma zinthu zimaonongekera pa kawotchedwe ka phulusa, pa madzi, ndi pa kawerengedwe ka makyubu, zidutswa za konkire zoumbidwa m'zikombole zimene zimaphwanyidwa poyeza mphamvu yake.

Phulusa palokha silimanga. Simenti ikakumana ndi madzi imasiya calcium hydroxide, chinthu chofooka chimene sichioonjezera kwenikweni mphamvu ya konkire. Silika wa m'phulusa amagwirana nacho n'kupanga zomatira zofanana ndi zimene simenti imapanga. Zinthu zochita motere zimatchedwa pozzolan, dzina lochokera ku Pozzuoli pafupi ndi Naples, kumene Aroma ankakumba phulusa la mapiri ophulika. Koma silika amatero pokhapokha ngati sanasanduke makristalo. Mankhusu a mpunga amafuna moto wa pakati pa madigiri 500 ndi 700. Mukapitirira 800, silika amayamba kusanduka makristalo otchedwa cristobalite, ndipo chimene mwatsala nacho ndi mchenga wosalala basi. Moto ukachepa, phulusa limatuluka lakuda ndi kaboni wosapsa, amene amamwa madzi ndi mankhwala ofewetsera konkire. Amene amawotcha mulu wa mankhusu panja popanda choyezera kutentha amapeza zonse ziwiri nthawi imodzi: pakati papsa mopitirira, m'mphepete sipanapse. Phulusa lotere ngakhale mwini wake sangalipangenso kachiwiri, nanga wina angabwereze bwanji kafukufukuyo? Lembani kutentha, maola amene lakhala pamoto, ndi mmene lazizirira. Kumbukiraninso kuti mankhusu akapsa pamatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, choncho wotchani okwanira kafukufuku yense, musakanize phulusa lonselo pamodzi, musunge m'chidebe chotseka.

Musanathire ngakhale kyubu imodzi, liyezeni phulusalo. Muyezo wa ku America wa ASTM C618 umanena kuti pa pozzolan yachilengedwe, silika, alumina ndi iron oxide pamodzi zifike 70 peresenti, kulemera kotayika likawotchedwanso kusapitirire 10 peresenti, ndipo lotsalira pa sefa ya mamaikironi 45 lisapose 34 peresenti. Makina a XRF, oyeza zimene zili m'phulusa, amakuuzani kuchuluka kwa silika, koma sanena ngati silikayo angagwire ntchito. Mchenga wamba nawonso uli ndi silika wochuluka. Ngati silikayo angagwire ntchito zimaoneka pa XRD, makina oonetsa ngati muli makristalo, pamene silika wabwino amajambula kachitunda kotambalala m'malo mwa nsonga zakuthwa. Ambiri amalumpha XRD chifukwa chovuta kupeza makina, kenaka amadzanena m'buku lawo kuti phulusa "lachita ngati pozzolan" popanda umboni uliwonse.

Tsopano madzi. Mu 1918 Duff Abrams anaonetsa kuti mphamvu ya konkire imatsatira kuchuluka kwa madzi poyerekeza ndi simenti, ndipo lamulo limeneli silinasinthe. Tengani chitsanzo cha kiyubiki mita imodzi: simenti makilogalamu 350, madzi malita 175, mchenga makilogalamu 700. Madzi ndi theka la simenti, 0.50. Ngati mchengawo wanyowa, uli ndi madzi omatirira kunja kwake okwana 5 peresenti ya kulemera kwake, mwalowetsa malita 35 amene simunawawerenge, ndipo 0.50 uja wasanduka 0.60. Kusiyana kumeneko n'kwakukulu kuposa chilichonse chimene phulusa la 10 peresenti lingachite. Ndiye tiyerekeze konkire yopanda phulusa munaiponda Lolemba ndi mchenga wouma, yaphulusa munaiponda Lachinayi mchenga utanyowa: chimene mwayeza ndi chinyezi cha mchenga, osati phulusa. Yezani chinyezi tsiku lililonse loponda. Tengani mchenga wodziwika kulemera kwake, umitsani mu uvuni wa madigiri 105 mpaka kulemera kusiye kusintha, pa kulemera kumene kwatayikako chotsanipo madzi amene mchengawo umamwa m'kati mwake, ndipo otsalawo muwachotse pa madzi othira.

Msampha wina uli pomwepo. Phulusa la mankhusu lili ndi timabowo tambirimbiri, limamwa madzi, ndipo konkire imauma manja, osayenda. Wothandiza mu labotale, pofuna kuthandiza, amawaza timadzi pang'ono kuti iyende. Basi kafukufuku watha pamenepo, ngakhale palibe amene wazindikira. Sankhani chimodzi musanayambe: kaya madzi akhale ofanana m'zosakaniza zonse ndipo kufewa mukukonze ndi superplasticizer (mankhwala ofewetsera konkire aja) yoyezedwa bwino, kaya kufewa kukhale kofanana ndipo madzi oonjezera alembedwe mpaka pa galamu. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka, koma zimayankha mafunso osiyana. Kufewako muyeze ndi chitsulo cha slump, choonetsa mmene konkire yaiwisi imatsikira chitsulocho chikachotsedwa, chotalika mamilimita 300, chothiridwa magawo atatu, gawo lililonse kulitsendera ka 25 ndi ndodo ya mamilimita 16.

Palinso nkhani ya kulemera ndi malo. Simenti imalemera pafupifupi ka 3.15 kuposa madzi, phulusa la mankhusu pafupifupi ka 2.1. Mukachotsa makilogalamu 70 a simenti mwachotsa malita 22, koma makilogalamu 70 a phulusa akutenga malita 33. Kiyubiki mita yanu yakula ndi malita 11, ndipo ngati simuchepetsa mchenga kuti zibwerere pa malita 1000, manambala onse amene mwalemba "pa kiyubiki mita" ndi olakwika.

Werengani makyubu musanapereke pulani kwa woyang'anira kafukufuku wanu. Zosakaniza zisanu, kuyambira 0 mpaka 20 peresenti, zoyezedwa pa masiku 7, 28, 56 ndi 90, makyubu atatu ulendo uliwonse, ndiwo makyubu 60. Kyubu ya mamilimita 150 imalowa malita 3.4 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 8, ndiye kuti konkire yonse ikuyandikira theka la tani, osawerengera yotayika. Zikombole zilipo zingati? Thanki ya madzi yosungiramo makyubu ingalandire angati? Masiku 90 aja musawadule pofuna kumaliza msanga. Pozzolan imachedwa: pa masiku 7 konkire yaphulusa imakhala m'mbuyo nthawi zambiri, pa 28 imayandikira, ndipo ubwino wake umayamba kuoneka pambuyo pake. Amene amalekera pa 28 amaweruza mlandu mboni isanafike.

Chimene oyesa mayeso akuthwa amafunsa, ndipo ophunzira ambiri amachita nacho kakasi, ndi ichi: makyubu atatu ochokera mu mpondo umodzi si kubwereza katatu. Amangoonetsa ngati munatsendera mofanana. Cholakwa chilichonse cha mpondowo, monga madzi aja, chili mwa onse atatu. Kubwereza kwenikweni ndi kuponda chosakaniza chomwecho katatu, masiku osiyana. Inetu ndimaona kuti ndi bwino kuyeza milingo itatu ya phulusa, uliwonse katatu, kusiyana ndi milingo isanu ndi iwiri kamodzikamodzi. Mukapeza kuti 10 peresenti yapereka mphamvu ya 31 MPa (mamegapasikalo, muyezo wa mphamvu ya konkire) ndipo 15 yapereka 30, pamene mipondo ya chosakaniza chimodzi ikusiyana yokha ndi 2 MPa, simunapeze "mlingo wabwino koposa". Mwapeza kuti ziwirizo n'zofanana, ndipo zimenezo n'zoyenera kulembedwa momwemo.

Za kusamala makyubu n'zodziwika, koma zimaphwanyidwa kawirikawiri. Malinga ndi muyezo wa ku Ulaya wa EN 12390, kyubu ikhale m'chikombole maola osachepera 16 koma osapitirira masiku atatu, itaphimbidwa, kenaka ilowe m'madzi a madigiri 20, osasiyana ndi madigiri oposa 2. Miyezo ya ASTM imafuna madigiri 23 ndi madzi okhuta laimu kuti calcium hydroxide asasungunuke n'kutuluka mu konkire, chimene pa kafukufuku wa pozzolan n'chofunika kwambiri popeza ndi chakudya cha phulusalo. Musaphatikize miyezo iwiriyi. Kyubu ndi silinda (chidutswa chozungulira chimene miyezo ya ASTM imagwiritsa ntchito) za konkire yomweyo sizipereka nambala yofanana. Pophwanya, kyubu igone cham'mbali kuti makina agwire nkhope zosalala za chikombole, ndipo mphamvu ikwere pa 0.6 MPa pa sekondi, amene ndi makilonyutoni 13.5 pa sekondi pa kyubu ya 150. Kuthamangitsa makina kumakweza nambala mwabodza. Yezani kulemera kwa kyubu iliyonse isanaphwanyidwe: yopepuka kuposa anzake ili ndi mphako.

Mbali ya zachilengedwe ndiyo imalembedwa mothamanga, ndime imodzi ya kumapeto yonena kuti simenti yachepa ndi 15 peresenti, choncho mpweya woipa wachepanso chimodzimodzi. Sizili choncho. Ng'anjo yamagetsi yowotchera phulusa, chigayo choliperera, galimoto yolinyamula ndi superplasticizer yoonjezera, zonse zili ndi mpweya wake wofunika kuuwerengera. Ndipo poyerekeza musagwiritse kiyubiki mita yokha, gawani ndi mphamvu: makilogalamu a carbon dioxide pa MPa iliyonse. Konkire yofooka imafuna mzati wokulirapo, phindu lija n'kuthera momwemo. Kukhalitsa nako kuyezedwe, chifukwa apa ndi pamene pozzolan imapambana ndiponso pamene imagonja. Imatseka timabowo, motero pa muyezo wa ASTM C1202, pomwe chidutswa chochindikala mamilimita 50 chimalandira mavoti 60 kwa maola 6, magetsi odutsa amachepa. Koma podya calcium hydroxide imachepetsanso chimene chimateteza zitsulo za m'kati ku dzimbiri mpweya ukamalowa. Swani kyubu yokhalitsa panja, wazani phenolphthalein, mankhwala amene amasanduka pinki pamene konkire ikadali yoteteza zitsulo, pamalo poswekapo, ndipo muyeze ndi rula kuti mphepete yosasanduka pinki yalowa mamilimita angati poyerekeza ndi kyubu yopanda phulusa ya msinkhu womwewo.