Lachitatu pa galaja: Hilux yofuka utsi ndi valavu ya EGR

M'mawa wa lero kunafika Hilux ya dizilo, ya injini ya 2KD, D-4D ya malita 2.5. Ikafika pamtunda imangolira osathamanga, kumbuyo utsi uli bii, nyali ya injini pa dashibodi itayaka. Makina oyezera anaonetsa P0400, nambala yonena kuti utsi sukuyenda bwino mu EGR.

Valavu ya EGR (Exhaust Gas Recirculation) imabweza gawo la utsi wa ekizozi kuti ukalowenso m'masilinda. Utsiwo uli ndi okosijeni wochepa, motero moto wa m'silinda sutentha mopitirira ndipo mpweya woipa wa NOx umachepa. Imatseguka injini ikamagwira ntchito yopepuka, koma ukaponda mafuta mpaka pansi iyenera kutsekeka. Ikakakamira ili yotsegula, injini imameza utsi nthawi imene ikufuna mpweya wabwino, dizilo sapsa yense. Utsi wakuda uja umachokera pamenepo.

Kuipeza sikufuna kuloweza. Pa Ranger, Navara kapena D-Max malo amasiyana, koma njira ndi imodzi: tsatirani payipi yachitsulo yochokera ku exhaust manifold (mapayipi otulutsa utsi m'masilinda) mpaka pamene yakumana ndi intake manifold (mapayipi olowetsa mpweya m'masilinda). Valavu imakhala panjira imeneyo. Pa Hilux ya leroyi intercooler, yoziziritsa mpweya wopita mu injini, ili pamwamba pa injini, ndiye inayamba kuchoka ndi iyo, injini itazizira, waya wa negetivu wa batire atamasulidwa. Valavu inaonekera pafupi ndi throttle body, kachitseko koyendetsa mpweya wolowa mu injini.

Itatuluka, m'kati mwake munali phala lakuda lomata ngati phula, bowo litatsala lolowa chala chimodzi. Mwaye wokha sumata chonchi. Umamata ukasakanikirana ndi nthunzi ya oilo yochokera mu breather, payipi yopumira injini, ndipo umachuluka pa galimoto imene tsiku lonse imangokwawa m'tauni kapena kulira itaima. Ikakhala kuti ma injector atopa kapena fyuluta ya mpweya yadzaza fumbi, zimafulumira.

Tisanapale chilichonse tinatseka kukamwa kwa intake manifold ndi nsalu yoyera, chifukwa chibulumwa chikagwera m'silinda ntchito imakula. Valavu inapalidwa ili pa tebulo, kenaka mankhwala otsukira a carb cleaner ndi kaburashi. Mankhwalawa asafike pa sensa kapena pa diaphragm ya labala. Ya leroyi ndi yoyendera vacuum, choncho tinaiyesa ndi kapampu ka m'manja: inatseguka bwino, n'kubwerera yokha. Ikanakhala yosagwira vacuum, kutsuka sikukanathandiza, ikanafunika ina.

Masana manifold nayo inachotsedwa. Ambiri amaisiya poopa kuchedwa, koma kutsuka valavu yokha n'kusesa pakhomo m'nyumba muli zinyalala. Kapayipi kopita ku MAP sensor, sensa yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifold, kanali kotsekanso. Magasiketi onse analowa atsopano. Akale amadontha utsi ndipo amaimba kaluzu.

Mwini galimoto anafunsa zoti tingotseka EGR ndi kachitsulo. Sitinavomere. Pa injini zambiri zoyendera kompyuta, MAF sensor, sensa yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa, imaona kuti mpweya sukuchepa valavu ikalamulidwa kutseguka, nyali imayakanso, ndipo NOx amachuluka.

Cha m'ma 4 koloko tinafufuta nambala ija n'kuiyendetsa makilomita 15, kuphatikizapo mtunda wautali pa giya yachitatu. Inakoka bwino, utsi unangoonekera pang'ono pakuponda koyamba, nyali sinayakenso.