Ulendo wa mwala kuchoka kumgodi kukafika m'batire

Kwa milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikulimbana ndi gawo la phunziro la ubale wa mayiko lokhudza kulimbirana miyala yopangira mabatire, mapanelo a sola ndi maginito a makina opukusa magetsi ndi mphepo, ndipo dzana ndi pamene mutu wanga unatseguka. Sinditaya nthawi kufotokoza ntchito ya mwala uliwonse m'batire; chofunika kudziwa n'chakuti lithium, cobalt, nickel ndi graphite ndi miyala yopangira mabatire.

Chimene chinkandizunguza mutu ndi ichi. Dziko la Democratic Republic of Congo limakumba pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a cobalt wa padziko lonse, Australia ndiye amatsogola pokumba lithium, Indonesia amatsogola pa nickel, koma chilichonse chimene ndinkawerenga chinkanena kuti amene America ndi mayiko a ku Ulaya akumuopa ndi China. Ndinkayang'ana mapu a migodi mpaka maso kuwawa, osaona chifukwa chake.

Dzanalo ndinatenga pepala lalikulu n'kusankha mwala umodzi wokha kuti ndiulondole. Ndinayambira pa mgodi wa lithium wa Greenbushes, kumadzulo kwa Australia, ndikujambula muvi wopita kudoko, wina wowoloka nyanja, ndipo muviwo unakathera ku fakitale yoyenga miyala ku China. Ndinatenganso cobalt wa ku Kolwezi, m'dziko la Congo, amene amayenda pa malole kukafika ku Durban kapena ku Dar es Salaam, ndipo nayenso sitima inakamutula komweko. Nditawonjezera graphite, pakati pa pepala panada bii ndi mivi yokumana malo amodzi. Mwala wongokumbidwa kumene sungalowe m'batire, uyenera kuyengedwa kaye mpaka utayera mokwanira, ndipo ng'anjo zambiri zoyengera, pamodzi ndi akatswiri odziwa kuziyendetsa, zili m'dziko limodzi. Mwini mgodi ali ndi katundu, koma wogula amene angathe kumusandutsa chinthu chaphindu ndi mmodzi, choncho mwini ng'anjo ndi amene amamveka akalankhula.

Nditagwira mfundo imeneyi, zinthu zimene ndinkangoloweza pamtima zinayamba kulumikizana zokha. M'chaka cha 2010, China atakangana ndi Japan pa nkhani ya zilumba za Senkaku, miyala ya rare earths, imene amapangira maginito amphamvu, inasiya kufika bwino ku Japan kuchokera ku China, ndipo Japan anathandiza ndi ndalama kampani ya Lynas, imene imakumba ku Australia n'kukayengera ku Kuantan m'dziko la Malaysia. America ali ndi mgodi wake wa miyala yomweyi ku Mountain Pass, ku California, koma kwa zaka zingapo zokumbidwa kumeneko zinkatumizidwa ku China kuti zikayengedwe. M'chaka cha 2023 China anakhwimitsa malamulo otumizira kunja gallium ndi germanium, miyala yofunika popanga zipangizo zamagetsi, komanso graphite, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho analetsa kugulitsa kunja luso lenilenilo loyengera rare earths, kusonyeza kuti akudziwa bwino pamene pagona mphamvu zake.

Chimene chinandiseketsa ndekha ndi lamulo la European Union la mu 2024. Ndinali nditaloweza kuti pofika 2030 iwo akufuna kumakumba okha magawo 10 pa 100 alionse a miyala imene amagwiritsa ntchito, kumayenga magawo 40, kupeza magawo 25 kuchokera ku zinthu zakale zokonzedwanso, komanso kusadalira dziko limodzi lakunja kupitirira magawo 65. Manambalawa ndinkawatchula ngati nyimbo, osadzifunsa chifukwa chake 40 waposa 10 kanayi konse. Yankho linali m'manambala momwemo nthawi yonseyi.

Ine ndatsimikiza kuti kujambula mivi ndiyo njira yabwino kuposa zonse yophunzirira nkhani ngati iyi, ndipo ndikanakhala ndi ulamuliro ndikanati wophunzira aliyense alondole mwala umodzi papepala asanatsegule buku lililonse. Zimandiwawa kuti aphunzitsi athu anatha milungu inayi akusiyanitsa maganizo a akatswiri pa chimene chimachititsa mayiko kupikisana kapena kugwirizana, pamene za kuyenga miyala anazitchula m'chiganizo chimodzi belu litatsala pang'ono kulira. Sindikunyoza maganizowo, koma munthu sungatsutsane za mpikisano usanaone chimene chikulimbiranidwa. Pano mayeso atsala milungu iwiri, ndipo zimene ndinalemba m'kope mwezi wathawu ndiyenera kuziwerenganso ndi maso atsopano, nthawi ilibe.

Komabe pepala langa likuvuta ndikafika pa Indonesia. Dzikoli linaletsa kutumiza kunja nickel wosayengedwa kuyambira mu Januwale 2020, European Union inakadandaula ku World Trade Organization, bungwe loyang'anira malonda a pakati pa mayiko, ndipo mu 2022 chigamulo chinakomera odandaulawo, koma Indonesia anachita apilo n'kupitiriza. Ng'anjo zinamangidwadi, monga za ku Morowali pa chilumba cha Sulawesi, ndipo malinga ndi mfundo yanga ndiye kuti Indonesia wapambana. Vuto ndi lakuti zambiri mwa ng'anjozo zinamangidwa ndi ndalama komanso luso la makampani a ku China, ndipo zimayendera magetsi a malasha, ngakhale nickel wakeyo akukalowa m'magalimoto otchedwa osawononga chilengedwe. Ng'anjo ikakhala pa nthaka yako koma mwini wake ndi wina, muvi ndiuloze kuti? Zimbabwe nayenso analetsa kutumiza kunja lithium wosayengedwa mu Disembala 2022, ndipo funso lomwelo likundidikira kumeneko. Palinso mabatire a LFP, opangidwa ndi lithium, chitsulo ndi phosphate, amene safuna cobalt kapena nickel, ndipo akapitiriza kufala, mivi ya cobalt ndi nickel ingathe kuchepa mphamvu. Ndayesa kujambula za Indonesia kawiri, kawiri konse ndafufuta, ndipo mbali imeneyo ya pepala ikadali yopanda kanthu.